Kodi makina a digital cross-connect amadziwa bwanji kopititsa uthenga?

Wophunzira za netiweki

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata angapo. Ndikuphunzira ntchito yosamalira netiweki zamatelefoni, ndipo maphunziro athu anayambira pa marauta. Kumeneko zinthu ndinazimvetsa msanga: paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kumene ikupita, rauta imawerenga adiresiyo, imayang'ana m'tebulo lake, kenako imasankha khomo lotulutsira paketiyo. Koma titalowa m'chipinda cha zipangizo anationetsa makina ena aakulu otchedwa digital cross-connect, amene ena amangoti DXC, ndipo anatiuza kuti mizere yobwereketsa kwa makasitomala ndi mizere yolumikiza maekisichenji imadutsa m'menemo.

Chimene chandisokoneza n'chakuti aphunzitsi athu ananena kuti makinawa sawerenga adiresi iliyonse, ndipo sadziwa n'komwe ngati akunyamula mawu a munthu kapena deta ya kompyuta. Ngati zili choncho, amadziwa bwanji kuti uthenga umene walowera pa khomo ili uyenera kutulukira pa khomo lakutilakuti? Nanga amasiyana pati ndi switch ya matelefoni, imene imalumikiza anthu awiri mmodzi akaimba nambala? Ndaonanso manambala monga 1/0, 3/1 ndi 4/4 m'mabuku a makinawa, koma tanthauzo lake silikundimvekera. Ndingathokoze kwambiri wina atandifotokozera kuchokera pa chiyambi, chifukwa sindikufuna kumangoloweza malamulo olemba pa kompyuta ndisakudziwa chimene chikuchitika mkati mwa makinawo.

Mmisiri wopuma pa ntchito

Achimwene, aphunzitsi anu ananena zoona. Adiresi imene mukuifunafunayo ilipo ndithu, koma sinalembedwe mu uthengamo. Adiresiyo ndi malo amene baiti (kagulu ka mabiti 8) yakhala pa mndandanda wa nthawi, ndipo kuti zimenezi zimveke tiyenera kuyambira pa mawu a munthu mmodzi woyankhula pa telefoni.

Mawuwo amayezedwa maulendo 8,000 pa sekondi iliyonse, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi mabiti 8. Mukachulukitsa mupeza mabiti 64,000 pa sekondi, ndipo kanjira kameneka ndi kamene timakatcha DS0. Popeza miyezo ndi 8,000 pa sekondi, pakati pa muyezo umodzi ndi unzake pamapita mamaikulosekondi 125. Nthawi imeneyi ndi yaifupi kwambiri kwa munthu, koma kwa makina ndi yokwanira kutumiza mabaiti a anthu ambiri, wina pambuyo pa mnzake, pa mzere umodzi. Pa mzere wa E1 nthawiyi imagawidwa m'mipata 32, mpata uliwonse wonyamula baiti imodzi, ndipo mipata yonseyo pamodzi imapanga frame imodzi. N'chifukwa chake liwiro la E1 ndi mamegabiti 2.048 pa sekondi. Mpata 0 umanyamula chizindikiro chosonyeza poyambira frame, mpata 16 nthawi zambiri umasungidwira zizindikiro zoyendetsera mafoni, ndipo mipata 30 yotsalayo ndi ya makasitomala. Ku North America amagwiritsa ntchito T1, imene Bell System inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1962, ndipo ili ndi mipata 24 ndi biti imodzi yoonjezera, zonse pamodzi mabiti 193 pa frame, kapena kuti mamegabiti 1.544 pa sekondi.

Tsopano onani chimene chimachitika kwa wolandira. Akangopeza poyambira frame, ntchito yotsala ndi kuwerenga mipata basi. Baiti imene yafika pa mpata 5 ndi ya kasitomala yemwe uja amene anali pa mpata 5 mu frame yapitayo, ndipo adzakhalanso pomwepo mu frame yotsatira, usana ndi usiku. Palibe chifukwa cholembera dzina pa baitiyo.

M'kati mwa cross-connect muli mapu a malumikizidwe, ndipo mzere uliwonse wa mapuwo umanena zinthu monga izi: chimene chalowa pa khomo 3, mpata 5, chituluke pa khomo 12, mpata 21. Pamakhalanso mzere wina wa ulendo wobwerera, chifukwa kukambirana kumafuna mbali zonse ziwiri. Kachipangizo kochita ntchitoyi kamatchedwa time slot interchange, ndipo kamagwira ntchito ndi memori ziwiri. Mu memori yoyamba mabaiti olowa amalembedwa motsatana monga momwe afikira. Memori yachiwiri ndi imene imasunga mapu aja, ndipo nthawi ya mpata uliwonse wotuluka ikakwana, imanena kuti baiti itengedwe pa malo ati a memori yoyamba. Choncho mabaiti amalembedwa m'dongosolo limodzi koma amawerengedwa m'dongosolo lina, ndipo kusintha kwa dongosoloko ndiye kulondolera uthenga kumene mukukufunsako.

Apa m'pamene pagona kusiyana kwakukulu ndi rauta. Pa rauta mapaketi awiri angathe kufika nthawi imodzi akufuna khomo limodzi, ndiye ina iyenera kudikira, ndipo odikirawo akachuluka kwambiri ena amatayidwa. Mu cross-connect mpata uliwonse wotuluka uli ndi mwini wake mmodzi amene anasankhidwa kale, kotero palibe kulimbirana. Baiti imachedwa pang'ono mu memori, pafupifupi nthawi ya frame imodzi kapena awiri, koma kuchedwako sikusintha ngakhale netiweki itatanganidwa chotani. Ndionjezeponso kanthu kena kamene ndinkakakonda pa ntchitoyi: popeza kuwerenga memori sikufafaniza chimene chalembedwamo, baiti imodzi ingathe kuwerengedwa kawiri, ulendo wina kupita kwa kasitomala, ulendo wina kupita ku khomo la chipangizo choyezera. Motero mmisiri amatha kuona ngati mzere uli bwino popanda kuudula ngakhale kwa kanthawi.

Za switch ya matelefoni, m'kati mwake simusiyana kwenikweni, chifukwa nayonso imasinthanitsa mipata mwa njira yomweyi. Kusiyana kuli pa amene amalamula. Switch imamvera nambala imene munthu waimba ndi zizindikiro zochokera ku maekisichenji ena, monga za SS7, imalumikiza kwa mphindi zochepa, ndipo foni ikatha imamasula. Cross-connect imamvera mmisiri kapena kompyuta yoyang'anira netiweki, nthawi zina kudzera m'chilankhulo cha malamulo chotchedwa TL1, ndipo chimene yalumikiza chimakhala choncho kwa miyezi kapena zaka mpaka wina adzachimasule. Makinawa asanabwere, ntchito imeneyi inkachitika ndi manja. Kuti muchotse kanjira kamodzi pa mzere wina n'kukaika pa mzere wina, munkafunika zipangizo zomasula mzere wonsewo, mawaya olumikiza pa bolodi, ndi zipangizo zina zomanganso mzere watsopano. Kampani ya AT&T itatulutsa makina ake otchedwa DACS kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mawaya aja analowedwa m'malo ndi mizere ya mu memori, ndipo ntchito imene inkafuna kuti munthu ayende ulendo inayamba kuchitika iye atakhala pa kompyuta kutali.

Injiniya wa mizere ya faiba

Bambo afotokoza bwino maziko ake, ine ndingoyankha za manambala aja ndi chifukwa chimene makampani ankagulira makinawa.

Nambala yoyamba imasonyeza kukula kwa mizere imene imalowa pa makomo, ndipo yachiwiri imasonyeza kukula kwa tizigawo timene makinawo angathe kusuntha patokhapatokha. Choncho 1/0 imalandira mizere ya T1 kapena E1 n'kumasuntha ma DS0, monga momwe Bambo afotokozera. Ya 3/1 imalandira mizere ya DS3, ya mamegabiti 44.736 pa sekondi, imene imanyamula ma T1 okwana 28, ndipo imasuntha T1 yathunthu osayang'ana mipata ya m'kati mwake. Ya 3/3 imasuntha DS3 yonse ngati chinthu chimodzi. Kumbali ya SDH, dongosolo lonyamulira mizere yambiri pa faiba motsatira wotchi imodzi, 4/4 imasuntha chotengera chachikulu chotchedwa VC-4, pamene 4/1 imatsika mpaka pa VC-12, chimene chimanyamula E1 imodzi. Makina osuntha tizigawo tating'ono amakhala kufupi ndi makasitomala, ndipo osuntha zigawo zikuluzikulu amakhala pakati pa netiweki, pamene mizere ikuluikulu imakumanirana.

Pali mfundo ina imene ndikufuna muimvetse, achimwene, chifukwa popanda iyo simungaone ubwino wa SDH. M'dongosolo lakale lotchedwa PDH, mizere ing'onoing'ono imene inkaphatikizidwa kupanga mzere waukulu inkabwera ndi mawotchi osiyana pang'ono, ndipo pofuna kuifananitsa liwiro ankathiramo mabiti ongodzazira malo. Zotsatira zake zinali zakuti E1 imodzi imene ili m'kati mwa mzere wa mamegabiti 139.264 inalibe malo odziwika oti n'kuwaloza. Kuti muipeze munkayenera kumasula mzerewo kufika pa 34.368, kenako pa 8.448, kenako pa 2.048, ndipo mukatenga imene mukufunayo mumangenso zonsezo kubwerera m'mwamba. Miyezo ya SDH, imene bungwe la CCITT linavomereza mu 1988, inathetsa vutoli ndi manambala olozera otchedwa pointer, amene amanena pamene chotengera chilichonse chayambira mu frame. Mzere wa STM-1, wa mamegabiti 155.52 pa sekondi, umanyamula ma E1 okwana 63, ndipo makina angathe kutulutsa imodzi mwa iwo osakhudza 62 otsalawo.

Ntchito imene inkabweza ndalama zogulira makinawa ndi imene timaitcha grooming, kutanthauza kusanja ndi kudzaza mizere. Tiyerekeze kuti nthambi zitatu zikutumiza E1 imodziimodzi, koma iliyonse ikugwiritsa ntchito mipata 10 yokha. Popanda cross-connect muyenera kunyamula ma E1 atatu mtunda wonsewo, mipata yambiri ili yopanda kanthu. Mukaika 1/0 pamene mizereyo yakumanirana, mipata 30 yogwira ntchitoyo imalowa mu E1 imodzi yodzaza. Mbali ina ya ntchito yomweyi ndi kulekanitsa: pa mzere umodzi wochokera kwa kasitomala, mipata ya mawu imapatutsidwa kupita ku switch ya matelefoni, ndipo ya deta imapita ku zipangizo za deta.

Ndisaiwale za kamangidwe ka makina aakulu, chifukwa memori imodzi singathe kulandira makomo onse. Njira yosavuta kuiganiza ndi yakuti khomo lililonse lolowera likhale ndi polumikizira pake ndi khomo lililonse lotulukira, koma pa makomo 1,000 mbali iliyonse zimenezi zimafuna malo olumikizira 1,000,000. Mu 1953 Charles Clos wa ku Bell Labs anasonyeza kuti mukaika timaswitch tating'ono m'magulu atatu otsatana, ndipo gulu lapakati likakhala ndi timaswitch tokwanira, njira yatsopano imapezeka nthawi zonse popanda kusuntha zimene zalumikizidwa kale. Lamulo lake ndi lakuti kaswitch kalikonse ka gulu loyamba kakakhala ndi makomo olowera 20, gulu lapakati likhale ndi timaswitch 39, ndiko kuti kuwirikiza kawiri n'kuchotsapo chimodzi. Pa makomo 1,000 aja malo olumikizira amatsika kufika pa 175,500. Makina ambiri amasakaniza nzeru imeneyi ndi yosinthanitsa mipata ija: asinthe mpata polowa, asinthe khomo pakati, asinthenso mpata potuluka.

Wophunzira za netiweki

Zikomo kwambiri Bambo ndi Mayi, tsopano ndaona kuti chisankho chimene rauta imapanga pa paketi iliyonse, kuno chinapangidwa kale kamodzi ndi munthu. Koma zimenezi zandibweretsera mafunso ena awiri. Ngati makinawa amangotsatira mapu, chimachitika n'chiyani chingwe cha faiba chikaduka? Marauta amauzana n'kupeza njira ina, nanga awa amatani? Chachiwiri, aphunzitsi athu amalimbikira kwambiri nkhani ya wotchi, mpaka anatiletsa kukhudza chingwe china chaching'ono chimene anati chimabweretsa nthawi. N'chifukwa chiyani wotchi ili yofunika chotere?

Mmisiri wopuma pa ntchito

Ndiyankhe za wotchi, za kuduka kwa chingwe ndiwasiyire Mayi. Kumbukirani kuti mabaiti amalembedwa mu memori motsatira wotchi ya amene watumiza, koma amawerengedwa motsatira wotchi ya cross-connect. Wotumiza akamafulumira pang'ono, memori imadzaza pang'onopang'ono mpaka makina amakakamizika kutaya frame yathunthu. Akamachedwa, memori imatha ndipo frame imodzi imawerengedwa kawiri. Chochitikachi timachitcha slip. Pa mawu a munthu mwina mungamve kakuti thi, kapena osamva kanthu konse, koma pa fakisi ndi pa deta chimaononga uthenga, ndipo zipangizo zina zimayenera kuyambiranso kugwirizana. N'chifukwa chake netiweki yonse imatenga nthawi kuchokera ku wotchi yaikulu imodzi, imene malinga ndi muyezo wa G.811 siyenera kuphonya kuposa gawo limodzi pa magawo 100 biliyoni. Netiweki ziwiri zokhala ndi mawotchi otere zikalumikizana, slip imachitika pafupifupi kamodzi pa masiku 70. Mukachotsa kachingwe kaja, makina amayamba kudalira wotchi yawo ya m'kati, ndipo poyamba simuona vuto lililonse, koma nthawi ikamapita ma slip amayamba kuchuluka. Choipa kwambiri ndi pamene makina awiri aikidwa molakwika kuti aliyense azitenga nthawi kwa mnzake, chifukwa pamenepo onse amasochera limodzi kwinaku aliyense akusonyeza kuti wotchi yake ili bwino.

Ndikuchenjezeninso za vuto lina lochokera pa kusawerenga adiresi komweko. Nthawi ina tinagwira njakata kwa masiku awiri ndi mzere wa kasitomala wa makilobiti 256, umene unkafuna mipata inayi. Makina onse pa njirayo sankasonyeza alamu iliyonse, ma E1 onse anali oyera, koma deta sinkadutsa. Pomaliza tinapeza kuti pa cross-connect imodzi yapakati ndinalemba mipata 2 mpaka 5 pamene mbali inayo inali pa 1 mpaka 4. Makinawo anachita ndendende chimene ndinawauza, ndipo analibe njira yodziwira kuti ndalakwitsa. Kuyambira pamenepo sindinkalola kuti mzere uperekedwe kwa kasitomala tisanauyeze kuchokera kumapeto mpaka kumapeto ndi chipangizo chowerenga mabiti olakwika, ndiponso tisanafananitse zolembedwa za mu ofesi ndi mapu enieni a m'makina.

Wogwira ntchito pa marauta

Pepani akuluakulu, ndiloleni ndiikepo maganizo osiyana pang'ono, kuti wophunzirayu asaganize kuti njira imeneyi ilibe mtengo wake. Mpata umene wapatsidwa kwa kasitomala umakhala wake ngakhale pamene sakutumiza kanthu, ndipo wina sangaubwereke. Pa mafoni zimenezi zinali zopiririka, koma deta ya pa intaneti imabwera mwa apo ndi apo, nthawi ina yochuluka kwambiri, nthawi ina kulibiretu, ndiye mizere yotere imakhala yopanda kanthu nthawi yaitali. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene makampani ambiri akuchotsera makinawa, ndipo ma E1 otsala amanyamulidwa m'mapaketi kudzera m'njira monga SAToP ndi CESoPSN. Ndivomereze kuti tikatero vuto la wotchi limatitsatira, chifukwa mapaketi safika motalikirana mofanana, ndipo wolandira ayenera kupeza nthawi mwa njira ina.

Injiniya wa mizere ya faiba

Za kuduka kwa chingwe, yankho nalonso lili m'mapu, kungoti njira yachiwiri imakonzedwa ngozi isanachitike. M'njira ina yofala ya SDH yotchedwa SNCP, makina a kumene uthenga ukuchokera amautumiza pa njira ziwiri zosiyana nthawi imodzi, ndipo makina a kumene ukupita amalandira zonse ziwiri n'kusankha imodzi. Chingwe chikaduka, chipangizo choyamba kuona kuti kuwala kwasowa sichingokhala chete, koma chimatumiza kutsogolo chizindikiro chotchedwa AIS, chimene ndi mabiti a 1 okhaokha m'malo mwa uthenga. Wolandira akaona chizindikirochi amatembenukira ku njira inayo. Popeza palibe zokambirana kapena zowerengera, kusinthaku kumayenera kutha m'mamilisekondi 50, ndipo foni imene ili m'kati siduka. AIS ili ndi ntchito inanso yothandiza mmisiri: imauza makina onse a kutsogolo kuti vuto lili kumbuyo, kotero munthu sataya nthawi kufufuza pamene palibe cholakwika.

Njira imeneyi imadya malo kawiri, choncho netiweki zina zinkasunga mizere yapadera yogawana, ndipo pakachitika ngozi kompyuta yapakati inkawerengera njira zatsopano n'kulembanso mapu a makina angapo. Zimenezi zinkatenga nthawi yaitali kuposa mamilisekondi 50. Pambuyo pake kunabwera GMPLS, imene imalola makinawo kuuzana za mizere yawo monga amachitira marauta, n'kukhazikitsa njira okha. Koma zindikirani kuti ngakhale pamenepo chimene chasintha ndi wolemba mapu basi. Mabaiti amadutsabe osawerengedwa.

Vuto la kulumikiza molakwika, ngati limene Bambo anakumana nalo, ndi limene linachititsa kuti SDH ikhale ndi path trace, njira yotsimikizira kumene uthenga wachokera. Pa VC-4 pali baiti yotchedwa J1, ndipo pa VC-12 pali J2, m'mene wotumiza amalembamo dzina la njirayo mobwerezabwereza. Makina apakati salondolera uthenga potsatira dzinali, koma wolandira amalifananitsa ndi limene akuyembekezera, ndipo akasiyana amaliza alamu. Amisiri ena amazimitsa alamuyi chifukwa imawavutitsa pokhazikitsa mzere, ndipo ine chizolowezi chimenechi ndimachitsutsa kwambiri, popeza alamuyi ndi imene ingakuuzeni kuti uthenga wa kasitomala wina ukufika kwa munthu wolakwika.

Anzathu a pa marauta anena zoona kuti makina a 1/0 ndi 3/1 akutha, koma nzeru yake ikugwirabe ntchito pa liwiro lalikulu. Mu OTN, dongosolo la mizere ya faiba limene linabwera pambuyo pa SDH, limene muyezo wake ndi G.709, makina amasuntha zotengera zotchedwa ODU, chaching'ono kwambiri chili ODU0 cha magigabiti pafupifupi 1.25 pa sekondi, ndipo amatsatira mapu okonzedwa kale osayang'ana za m'kati. Makina olondolera kuwala otchedwa ROADM amachitanso chimodzimodzi ndi mitundu ya kuwala pa faiba, moti mapaketi a marauta enieniwo nthawi zambiri amayenda pa njira zoterezi pochoka mumzinda wina kupita wina. Achimwene, mukalowanso m'chipinda chija, pemphani kuti akuonetseni mapu a khomo limodzi lokha, musankhe mzere umodzi, ndipo muutsatire pa pepala kudutsa makina onse mpaka kwa kasitomala, mukulemba khomo ndi mpata pa malo alionse, ndiponso kumene makina alionse akutenga wotchi yawo.